Kodi Chithunzi Chabwino cha CT ya Mutu ndi Khosi N'chotani?

Kodi makina a CT amaona chiyani?

Amayeza kuchuluka kwa cheza cha X-ray chimene chatsalira m'thupi pamalo alionse, kenako kompyuta imapatsa kadontho kalikonse nambala yake. Madzi ndi 0, mpweya ndi -1000, fupa lolimba limatha kupitirira 1000. Muyezowu unatenga dzina la Godfrey Hounsfield, injiniya wa kampani ya EMI, amene makina ake anajambula wodwala woyamba mu 1971 pachipatala cha Atkinson Morley ku London. Chithunzicho chinali cha timadontho 80 m'litali ndi 80 m'lifupi, chosalongosoka kwenikweni, komabe nthenda imene mayi wodwalayo anali nayo muubongo inaoneka. Mu 1979 Hounsfield anagawana mphoto ya Nobel ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, amene anayamba kulingalira masamu ake akuthandiza pachipatala cha Groote Schuur ku Cape Town. Lero chithunzi wamba chimakhala cha timadontho 512 mbali iliyonse.

Mutu sugunda ngati mtima. Ndiye uvutiranji kujambula?

Vuto ndi loti ubongo umafanana wokhawokha. Mbali yake yotuwa imakhala cha m'ma 35 mpaka 40, yoyera cha m'ma 25 mpaka 30. Dokotala wofufuza sitiroko akusakasaka kusiyana kwa manambala pafupifupi khumi okha, m'kati mwa chigaza chimene chimameza cheza chochuluka. Cheza chikamadutsa m'fupa, chofooka chimathera momwemo, chimene chimatulukira n'champhamvu chokhachokha, ndipo kompyuta imasokonezeka nkulemba mdima pamene palibe. Pakati pa mafupa awiri okhuthala a kumakutu pamabwera mzere wakuda wodutsa pa tsinde la ubongo. N'chifukwa chake nthenda za kumeneko amakonda kuziona ndi MRI.

Koma si zoona kuti makina a ma slice 128 amaposa a 16?

Maganizo amenewa afala kwambiri, ndipo ndi olakwika. Nambalayo ikunena za kuchuluka kwa tizigawo timene makina amajambula akazungulira kamodzi. Ikunena za liwiro. Liwirolo limathandiza pothamangitsana ndi mankhwala a ayodini amene amabayidwa kuti mitsempha ya magazi iwale pa chithunzi, kapena pojambula munthu wangozi amene sangakhazikike. Makina a ma slice 320 amene Toshiba inatulutsa mu 2007 amafika masentimita 16 nthawi imodzi, ubongo wonse. Zimenezo n'zamtengo wapatali pa ntchito yake. Koma pa munthu wogona phee amene akumufufuza magazi otayikira m'mutu, ma slice ochulukawo sawonjezera kanthu pa kusiyana kwa manambala khumi kuja. Mutu ukagona chopendekeka, kapena makina akakhala osayezedwa bwino, chithunzi chimatuluka choipa ngakhale pa makina odula. Ndiye pali kaonetsedwe pa sikirini: ubongo amauonera pa window (gawo la manambala limene sikirini ikuonetsa) ya manambala pafupifupi 80, fupa pa window ya masauzande. Wolakwitsa pamenepa amabisa yekha chimene makina anajambula bwinobwino. Kujambula filimu ndi foni nkutumizira dokotala wina kumataya zambiri, chifukwa iye sangasinthenso window.

Bwanji osangowonjezera cheza?

Kuti timadontho tosokoneza chithunzi tichepe ndi theka, cheza chiyenera kuchuluka kanayi. CT imodzi ya mutu imapereka pafupifupi mamilisiveti 2, kufupi ndi chimene munthu amalandira mwachilengedwe pachaka. Maso ndi chithokomiro sizifuna cheza, makamaka mwa ana. Njira yabwinopo ndiyo kujambula tizigawo topyapyala, kenako kutiphatikiza kufika mamilimita 5 poona ubongo, nkusiya topyapyalato poona fupa.

Kodi aliyense amabayidwa mankhwala a ayodini?

Ayi. Magazi ongotayikira kumene amaoneka oyera paokha.

Nanga khosi?

Khosi lili pakati pa adani awiri. Kumtunda kuli mano omatidwa ndi zitsulo, amene amamwaza mizere yoyera ndi yakuda paliponse, nkuphimba lilime pamene pangabisale khansa. Kumunsi kuli mapewa, amene amameza cheza mpaka chithunzi chimachita thotho ndi timadontho. Zambiri zimakonzeka popanda ndalama: kuvula ndolo ndi mano oikirira, kukokera mapewa pansi, kupendeketsa makina kapena chibwano kuti mano apatuke, ndi kumuuza wodwala asameze malovu. Ena amamupempha atupitse masaya kuti tsaya litalikirane ndi nkhama, kachotupa kobisika kaonekere poyera. Wojambula amene wafotokoza bwino kwa mphindi imodzi amapulumutsa wodwala ku cheza chobwereza.

Chatsopano chenicheni n'chiyani?

Apa ndiye pokoma. Makina a dual energy amajambula ndi mphamvu ziwiri, motero amasiyanitsa zinthu ziwiri zimene pa CT wamba zimaoneka zoyera mofanana. Dokotala akachotsa magazi oundana mumtsempha wa muubongo, nthawi zina pamatsala banga loyera. Ndi magazi, kapena ndi ayodini wotsalira? Yankho lingasinthe mankhwala amene wodwala apatsidwe, ndipo dual energy imathandiza kulipeza. Kompyuta ikaonetsa chithunzi cha mphamvu yochepa, cha m'ma keV 40 mpaka 50, ayodini amawala ndipo chotupa cha pakhosi chimaoneka malire ake. Ikaonetsa cha mphamvu yaikulu, mizere ya zitsulo imachepa.

Mu 2021 bungwe la FDA ku America linavomereza Naeotom Alpha ya Siemens, makina owerenga tizidutswa ta cheza kamodzikamodzi nkuyeza mphamvu ya kalikonse. Tizigawo take timapyapyala mpaka mamilimita 0.2. Kwa madokotala a makutu imeneyi ndi nkhani yaikulu, poti kafupa kakang'ono kwambiri m'thupi, ka stapes, n'kotalika mamilimita atatu okha.

Chithunzi chikatuluka chopanda vuto, ndiye kuti sitiroko palibe?

Ayi ndithu. Mtsempha ukatsekeka, maola oyambirira ubongo ungaoneke bwinobwino pa CT. Ntchito ya chithunzi choyambacho ndi kutsimikiza kuti magazi sanatayikire, kuti mankhwala osungunula magazi oundana aperekedwe nthawi isanathe.