Chitsulo cha pamasitepe chimathyokera kuphazi

Nyumba zosanja zafika ku Mponela, Balaka, Ntcheu ndi m'matauni ena a malonda: pansi sitolo, pamwamba banja kapena zipinda za alendo. Amisiri owotcherera omwe anazolowera mageti ndi mafelemu a zitseko tsopano akupanganso zitsulo zogwirira pamasitepe komanso zotchingira khonde lapamwamba.

Eninyumba ambiri akamalandira ntchitoyi maso awo amakhala pa maluwa ndi penti. Koma moyo wa mwana kapena gogo wotsamira chitsulocho uli pamalo ochepa kwambiri, pomwe nsanamira yalumikizana ndi sitepe.

Nsanamira imagwira ntchito ngati sipanala yaitali: mukakankha pamwamba, mphamvu imakachuluka kuphazi. Ku America, malamulo a zomangamanga amati chitsulo chotere chipirire mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 90 chikakankhidwa pamalo amodzi. Ngati nsanamirayo ndi yaitali mita imodzi ndipo m'lifupi ndi masentimita 4, powotcherera pamakokedwa ndi mphamvu yoposa matani awiri. Mphamvu yachuluka ka 25.

Timadontho tiwiri kapena titatu sitingapirire zimenezo. Timadonthoto mmisiri amaika pongofuna kuti chitsulo chiime bwino asanayambe ntchito yeniyeni, koma ena akakhala pachangu amalekera pomwepo. Phazi liyenera kuwotchereredwa mbali zonse zinayi osadukiza, atachotsa kaye dzimbiri, mafuta ndi penti yakale.

Kukhuthala kwa chitsulo nakonso n'kofunika. Paipi yopyapyala, ya milimita imodzi, imatchipa koma imabooka ikamva moto. Mmisiri poopa kuiboola amachepetsa moto, ndiye chosungunukacho chimangomata pamwamba ngati phula, osalowerera. Zimachitikanso chimodzimodzi magetsi akafooka kapena ndodo zowotcherera zikagona pachinyezi. Ndi bwino kusunga ndalama pochepetsa zokongoletsa kusiyana n'kugula nsanamira zopyapyala.

Pasitepe ya konkire, nsanamira imawotchereredwa pa kachitsulo kophwatalala kokhuthala bwino, komwe kamamangidwa ndi mabawuti anayi. Mabawuti akayandikira kwambiri m'mphepete, konkire imabenthuka n'kuchoka nawo limodzi. Njira yodalirika ndi kukwirira kachitsuloko pothira konkire, zomwe zimafuna kuti womanga ndi wowotcherera akambirane masitepe asanaumbidwe. Kawirikawiri wowotcherera amaitanidwa nyumba itatha kale.

Mdani wina ndi mvula. Paipi yosatsekedwa pamwamba imamwa madzi, ndipo dzimbiri limadya kuchokera m'kati, kuphazi komweko, kunja penti ikuwalabe.

Choncho ntchitoyo muione isanapakidwe penti. Mmisiri agogode ndi kuchotsa makoko akuda omwe amatsala pamwamba, mzere uonekere. Wabwino umakhala wofanana, wopanda timabowo kapena ming'alu. Mukaona pamatidwa phala lija amakonzera magalimoto ophwanyika, funsani chomwe chabisika pansi pake. Kenako gwirani nsanamira pamwamba ndi kuigwedeza mwamphamvu. Yabwino sichita wedewede. Sikulakwanso kufunsa ngati mmisiriyo anaphunzira ntchitoyi, kaya kusukulu za ntchito zamanja zoyang'aniridwa ndi TEVETA kapena kwa katswiri wodziwika.

A ana aang'ono ayezenso mipata. Ku England lamulo limati chogwirira pamasitepe a nyumba chisachepere masentimita 90 kutalika, ndipo mpira wa masentimita 10 usadutse pakati pa zitsulo, kuopa kuti mwana angalowetsepo mutu.