Koala: Nyama Yolerera Mwana M'thumba

Mphunzitsi mnzanga, mukawaonetsa ophunzira chithunzi cha koala, ambiri amafulumira kunena kuti ndi changa. Ena amati ndi kachimbalangondo, poti ndi momwe mabuku ena achingerezi amayitchulira. Onsewa aphonya, ndipo tikapanda kuwakonza, nawonso akasocheretsa ana awo.

Kwawo ndi kuti?

Koala kwawo ndi kum'mawa ndi kumwera chakum'mawa kwa Australia, m'zigawo za Queensland, New South Wales, Victoria ndi South Australia. Kuno ku Africa simungayipeze m'tchire. Malo osungirako nyama a National Zoological Garden ku Pretoria, omwe anakhazikitsidwa mu 1899, anasungapo makoala, koma anachita kuwaitanitsa kunja.

Chakudya chake mukuchidziwa kale: masamba a bulugamu, mtengo womwe nawonso unachokera ku Australia. Masambawa ali ndi poizoni ndipo sapatsa mphamvu zambiri. N'chifukwa chake koala amagona mpaka maola 20 patsiku.

Ili m'gulu liti?

Koala ndi nyama yoyamwitsa, koma ya m'gulu la zolerera ana m'thumba, limodzi ndi kangaroo ndi wombat. Bere lake limatenga masiku 35 okha. Mwana amabadwa wamng'ono ngati nyemba, wopanda ubweya, wosaona. Amakwawa yekha n'kulowa m'thumba la pamimba pa mayi ake, momwe amayamwa kwa miyezi pafupifupi 6. Akatuluka m'pamene amaberekedwa kumbuyo.

Apa samalani. Wina adzafunsa kuti, "Nanga bwampini si ali ndi matumba?" Inde, koma ake ndi a m'masaya, osungira chakudya. Mwana wa bwampini, monganso wa changa ndi wa chimbalangondo, saleredwa m'thumba.

Phunziro kwa ife

Nyama yodalira mtengo umodzi imatha pamodzi ndi mtengowo. Moto wolusa wa 2019 ndi 2020 unapsereza nkhalango zambiri ku Australia, ndipo mu 2022 boma linalengeza kuti makoala a ku Queensland ndi New South Wales ali pachiopsezo chotheratu.

Ntchito

1. Bweretsani tsamba la bulugamu ndi nyemba imodzi m'kalasi. Yambani phunziro ndi zimenezi musanatchule dzina la koala.
2. M'magulu, ophunzira atchule nyama zakwanu zomwe zasowa chifukwa chodula mitengo ndi kutentha tchire.