Kuno ku Ngabu chisanu chathu ndi dzuwa

Mu Juni chaka chatha, mlamu wanga wa ku Tsangano m'boma la Ntcheu adandiimbira foni mbandakucha kudandaula kuti chisanu chawaula tomato wake usiku umodzi wokha. Ndidamupepesa, koma mumtima ndinkaseka, pakuti kuno ku Ngabu chisanu chotere timangochimva. Pofika Okutobala, wolira ndidali ine.

Kwathu kuno nyengo yozizira ndiyo mwayi wa mlimi wa ndiwo zamasamba. Madzi a dzinja akaphwa m'madimba, cha mu Epulo ndi Meyi, timafesa mpiru, repu, tomato ndi anyezi pa nazale, ndipo kuyambira apo timakhala pa liwiro ndi dzuwa. Ine ndidazengereza, tomato ndidawokera mu Ogasiti. Maluwa adatuluka kutentha kutayamba, nthawi imene masana kuno kumapyola madigiri 40, ndipo adangoyoyoka osabereka. Zotsalazo adamaliza ndi akangaude ofiira, amene amaswana kwambiri kukatentha ndi kuuma. Fizi ya mwana wanga wa Fomu 3 idathera m'dimbamo, mpaka ndidagulitsa mbuzi ziwiri.

Nditamufotokozera mlamu uja, adandifunsa: "Alamu, kodi udzu kwanuko kulibe?" Iye chisanucho chidamuphunzitsa kufunditsa nazale yake ndi udzu madzulo, n'kuvundukula dzuwa likatuluka. Ndidaona kuti udzu womwewo ungandithandize, kungosintha nthawi.

Chaka chino ndidafesa sabata yoyamba ya Epulo, n'kumangira nazale kachisakasa ka udzu kotchinga dzuwa la masana. Patatha masabata anayi ndidawokera madzulo, kenaka ndidaphimbira mabedi onse ndi udzu wouma ndi mapesi a mapira. Dothi lophimbira limasunga chinyezi, motero m'malo mothirira kawiri pa tsiku ndinkathirira kamodzi, m'mawa.

Kuphimbirako kudandithandizanso pa vuto lina. Zitsime zambiri kuno madzi ake ndi amchere. Madzi akauma msanga, pamwamba pa bedi pamatsala mchere woti mbuu, ndipo mbande zimapinimbira. Pansi pa udzu mcherewo sudaunjikane ngati kale.

Tomato ndidakolola mu Julaye ndi Ogasiti, n'kugulitsa pamsika wa Ngabu ndi ku Nchalo. Mu Seputembala sindidalimbanenso ndi nyengo: m'mabedi omwewo ndidadzala therere, bonongwe ndi khobwe wa chitambe, mbewu zopirira kutentha. Fizi ya teremu ino ndalipira osakhudza khola.

Alimi anzanga a m'chigwa cha Shire, mtengo wa tomato mu Novembala umakopa, koma amene alibe madzi okwanira asauthamangire. Fesani madzi akangophwa, ndipo udzu uja timautentha m'tchire chaka ndi chakawu, tiyambe taumweta.