NKHOKWE YA M'THUMBA: ANA A KU PULAIMALE NDI NZERU ZA NDALAMA

M'chaka cha 1971 dziko la Malawi linasiya kuwerenga chuma chake m'mapaundi, masheleni ndi makobiri, ndipo linayamba kugwiritsa ntchito kwacha ndi tambala. Ana a sukulu amene kufikira nthawi imeneyo ankakhetsa thukuta poloweza kuti makobiri 12 ndiwo sheleni imodzi, ndi kuti masheleni 20 ndiwo paundi imodzi, anamva ngati awatula mtolo, pakuti tsopano matambala 100 ndiwo anali kwacha imodzi, ndipo makwacha awiri ankafanana ndi paundi yakale ija. Masamu a ndalama anapepuka kuyambira pamenepo. Chimene sichinapepuke, ngakhale papita zaka zoposa 50, ndicho nzeru yosamala ndalamazo zikafika m'dzanja. Mwana angathe kukhoza funso lirilonse la kuphatikiza ndi kuchotsera makwacha pa bolodi, koma n'kudzakhala munthu amene malipiro a mwezi wathunthu amamuthera pa masiku asanu.

Udindo wa pulaimale

Nkhaniyi ikukhudza sukulu za pulaimale koposa zina zonse. Pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ana m'sukuluzi chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Kuyambira pamenepo khomo la pulaimale lakhala lotseguka kwa mwana wa munthu aliyense, koma khomo la sekondale likadali lopapatiza. Ana ambiri amalekezera pa Sitandade 8, ena asanafikepo n'komwe. Sipapita zaka zambiri, mnyamata uja wayamba kabaza kapena walima munda wake wa soya. Mtsikana uja akugulitsa tomato pa msika, mwinanso ali ndi khanda kumbuyo. Zonse zimene anthu otere adzadziwe za mpamba, phindu ndi ngongole n'zimene anatola ku pulaimale, apo ayi adzaziphunzira mowawa atataya kale chuma chawo.

M'mabuku a masamu amene amakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi mitu ya ndalama irimo ndithu: kugula ndi kugulitsa, kupindula ndi kuluza, chiwongoladzanja. Vuto n'lakuti nthawi zambiri mitu imeneyi imaphunzitsidwa ngati chinthu cha mayeso chabe. Mwana amaloweza njira yopezera yankho, amalemba mayeso a MANEB, kenaka amaiwala, osazindikira kuti funso limene anakhoza lija ndilo lomwe likusowetsa tulo amayi ake.

Zimene mwana amadziwa kale

Mphunzitsi wanzeru sayambira patali. Mwana wa kumudzi amafika ku sukulu akudziwa kale nkhokwe. Waona chimanga chikukololedwa m'miyezi ya April ndi May, waona agogo ake akupatula mbewu yodzabzala ndi kuipachika pa tsindwi la khitchini pamene utsi umaiteteza, ndipo amadziwa kuti banja limene linagulitsa chimanga chambiri pa mtengo wolira nthawi yokolola ndilo limayenda m'maganyu mu January ndi February, kugula chimanga chomwecho pa mtengo wokwera. Palibe amene amafunika kumuuza mwana wotere kuti mbewu sadya.

Ntchito ya mphunzitsi ndiyo kusamutsa nzeru imeneyi kuichotsa m'nkhokwe ndi kuilowetsa m'thumba. Mpamba ndiwo mbewu ya malonda. Pofuna kuonetsa zimenezi, kalasi lingathe kuwerengera geni ya mandasi. Mwachitsanzo, ufa, shuga, yisiti, mafuta ndi nkhuni zadya K6,000, ndipo patuluka mandasi 80 ogulitsa pa K100 limodzi. Onse akagulidwa, m'mbale mulowa K8,000. Ana ambiri akafunsidwa kuti mayiyo wapeza zingati, amayankha msanga kuti K8,000, ndipo phunziro lagona pomwepo: K6,000 si yake yoti adye, ndi mbewu ya mawa, yake ndi K2,000 yokha. Tsono aphunzitsi aonjeze kuti ana a pakhomopo anadyako mandasi khumi m'mawa asanapite ku sukulu. Kalasi likawerengeranso lidzaona kuti phindu latsika kufika pa K1,000, ndiye kuti mandasi khumi okha adula phindu pakati. Mwana amene waona zimenezi ndi maso ake sadzadabwanso chifukwa chimene okala yambiri imatsegulidwa mu June n'kutsekedwa mu September.

Pa phunziro lotere sipafunika zipangizo zogula. Aphunzitsi a m'dziko muno amaidziwa bwino njira ya TALULAR, yophunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo. Zitsekerero za mabotolo, njere za nyemba ndi timapepala todula bwino zingathe kukhala ndalama. Mapaketi otha a sopo, mchere ndi machesi angathe kudzaza kasitolo pa ngodya ya kalasi. Wina akhale wogulitsa, wina wogula, wina wolemba m'kope zonse zolowa ndi zotuluka. Ubwino wina wa ndalama zoyerekezerazi ndi wakuti mwana wa mphawi sachita manyazi, pakuti m'kalasi limodzi mumakhala wina amene amapatsidwa K200 ya chitumbuwa tsiku ndi tsiku, ndi wina amene amabwera osalawa kanthu.

Kwa amene amalandira kangachepe, phunziro lachiwiri ndilo kusiyanitsa chosowa ndi chokhumba. Kope ndi cholembera n'zosowa, switi n'chokhumba. Mwana wolandira K200 pa tsiku akamapatulako K100, pa sabata asunga K500, ndipo pa masabata 12 akhala ndi K6,000 imene sanapemphe kwa munthu. Akale anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Anankafumbwe a ndalama

Komabe mphunzitsi amene angalekezere pa mawu akuti "sungani" wanena theka la choonadi. Chimanga cha m'nkhokwe chiri ndi anankafumbwe ake, ndipo ndalama nazo ziri ndi ake, ndiko kukwera kwa mitengo ya zinthu. Umboni wake ana ali nawo m'manja. Tambala, imene inali ndalama yogulira zinthu m'chaka cha 1971, lero yangotsala m'mabuku a masamu. Banki yaikulu ya Reserve inatulutsa ndalama yapepala ya K1,000 m'chaka cha 2012, ya K2,000 mu 2016, ndi ya K5,000 mu 2022, chifukwa zing'onozing'ono zija zinali zitachepa mphamvu. Mu May 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 pa 100 iriyonse, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100, kotero kuti dola imodzi ya ku America, imene inkagulidwa pa K1,180, inafika pa K1,700. Popeza mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala zimachokera kunja, mitengo ya zinthu m'misika inatsatira.

Mwana wa Sitandade 7 angathe kumvetsa zimenezi bwinobwino. Afunse makolo ake mtengo wa paketi ya shuga chaka chimene iye anabadwa, aufanizire ndi wa lero. Kenaka kalasi liwerengere chitsanzo ichi: munthu wasunga K10,000 pamalo pamene imabereka 10 pa 100 pa chaka, koma m'chaka chomwecho mitengo yakwera ndi 25 pa 100. Pakutha pa chaka ali ndi K11,000, pamene katundu amene akanagula ndi K10,000 uja tsopano ali pa K12,500. Ndalama zachuluka, koma zogula zachepa. Nanga amene anakwirira yake m'chitini pansi pa bedi? Iyeyo ndiye wadyedwa koposa.

Choncho ana aphunzire kusunga ndi cholinga, ndiponso kufunsa kumene akusungako. Ndalama ina ingasanduke nkhuku ya thadzi imene idzaikira ndi kuswa. Koma aphunzitsi asabise kuti chitopa chimatha kusesa khola lonse m'sabata imodzi, n'chifukwa chake munthu saika chuma chake chonse pamalo amodzi. Agogo a anawa ankasunga ku positi ofesi, kumene ankalandira kabuku kolembamo zosungitsa ndi zotapa. Banki ya ku positiyo inasanduka Malawi Savings Bank m'chaka cha 1994, ndipo inagulitsidwa mu 2015. Lero kuli mabanki ena, kuli magulu a SACCO amene bungwe lawo lalikulu la MUSCCO linakhazikitsidwa mu 1980, ndiponso kuli banki m'khonde imene amayi ambiri a m'midzi ali mamembala ake. Mayi mmodzi wosunga kaundula wa banki m'khonde ataitanidwa kudzafotokoza m'kalasi m'mene masheya amagulidwira ndi m'mene amagawanira pakutha pa chaka, ana angatolepo zambiri kuposa za m'masamba khumi a buku.

Ngongole

Phunziro la chiwongoladzanja lisamathere pa bolodi, pakuti kunja kwa mpanda wa sukulu kuli katapila. Munthu wopanikizika akabwereka K10,000 pa pangano lakuti aonjezepo theka mwezi uliwonse, pakutha pa mwezi woyamba ngongole iri pa K15,000. Akalephera kubweza, mwezi wachiwiri ifika pa K22,500, ndipo wachitatu pa K33,750. Ana awerengere okha manambala amenewa, kenaka afunsidwe kuti ndi geni yanji imene ingabereke msanga chotere. Apo adzamvetsa chifukwa chimene njinga, mbuzi, malata, ngakhale mbewu ya m'munda isanakhwime, zimapitira kwa wobwereketsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Izi sizitanthauza kuti ngongole iriyonse ndi yoipa. Yogulira feteleza kapena makina osokera ingathe kudzibweza yokha; yogulira chovala cha pa Khirisimasi imabwezedwa ndi misozi. Mwana azolowere mafunso atatu asanatambasule dzanja: ndikubwereka zingati, ndidzabweza zingati, ndipo zobwezazo zidzachokera kuti?

Ndalama za pa foni

Pali chinthu china chimene aphunzitsi a kale sanakumane nacho. Kuyambira pamene Airtel Money inayamba mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, ndalama zambiri zimayenda pa foni, ndipo m'mabanja ambiri mwana wa sukulu ndiye amawerengera agogo ake uthenga, ndiyenso amatumidwa kwa ejenti kukatapa zimene amalume atumiza kuchokera ku Lilongwe kapena ku Johannesburg. Mwana ameneyu ayenera kudziwa kuti nambala yachinsinsi sauza munthu, ngakhale woimbayo atanena kuti akuchokera ku kampani. Kuti uthenga wonena kuti wapambana mpikisano umene sanalowe ndi msampha. Ndi kuti potumiza kapena potapa pamakhala ndalama yodulidwa imene iyenera kuwerengedwa. Adziwenso kuti juga ya mpira ya pa foni inakonzedwa kuti mwini wake ndiye azipindula, ndipo kuti pa mnyamata mmodzi amene akudzitama kuti wawina pali ambiri amene angokhala chete.

Mbali ya makolo ndi achinyamata

Makolo ena amaopa kuti mwana wodziwa ndalama msanga amasanduka wakuba kapena wamwano. Manthawa ndi omveka, koma mwana amene amaba chenji kawirikawiri ndi amene sanauzidwepo kuti ndalamayo inabwera bwanji ndipo inayembekezera ntchito yanji. Bambo amene amakhala pansi ndi ana ake atagulitsa fodya kapena nandolo, n'kuwaonetsa kuti iyi ndi ya feteleza, iyi ya yunifolomu, iyi ya matenda, amakhala akuphunzitsa koposa amene amangoti "ndalama palibe" chaka chonse. Potuma mwana ku msika, ampatse mndandanda wa zogula, ndipo pobwera afotokoze mtengo wa chirichonse ndi kubweza chenji chonse. Kukhulupirika pa K50 ndiko chiyambi cha kukhulupirika pa chuma cha mpingo, cha kampani ndi cha boma.

Malire nawo alipo. Kuphunzitsa mwana za malonda sikutanthauza kumuchotsa m'kalasi kuti azikayenda ndi beseni la nthochi pa siteji nthawi ya maphunziro. Ana aakazi makamaka auzidwe mosabisa kuti mphatso ya ndalama yochokera kwa mwamuna wachikulire imadzafuna malipiro ake, ndipo kawirikawiri malipirowo amakhala sukulu yawo.

Achinyamata amene atsiriza sukulu ndipo akudikira ntchito ali ndi gawo lalikulu pano. Ang'ono awo amawamvera msanga kuposa m'mene amamvera akuluakulu. Mkulu amene angagulire mng'ono wake kope la masamba ochepa, n'kumuonetsa kulemba tsiku, cholowa, chotuluka ndi chotsala, wampatsa chida chimene amalonda ambiri a zaka makumi anai alibe.

Palibe chifukwa chodikira phunziro latsopano pa ndandanda wa sukulu kapena mabuku ochokera kutali. Mphindi khumi pa sabata, mkati mwa masamu, zaulimi kapena maphunziro a luso la moyo, n'zokwanira kuyambira. Zipatso zake sizidzaoneka pa tsiku lotulutsa zotsatira za mayeso. Zidzaoneka patapita zaka, pamene mwana uja adzakana kugulitsa thumba lake lotsiriza la chimanga mu June, kapena pamene adzawerenga pangano la ngongole mpaka kumapeto asanasaine. M'mera mpoyamba.