Bere likatupa mwana asalekeko kuyamwa

Nyengo yogulitsa nandolo ndi chimanga ikafika, amayi ambiri a kuno ku Milange amalawirira kuwoloka pa Muloza kupita ku msika wa Limbuli, khanda atalisiyira agogo. Pobwera madzulo bere lauma gwa, likuwawa, mkaka ukudontha m'bulauzi. Apa m'pamene apongozi amagamula: "Mkakawo wasasa ndi dzuwa, usampatse mwana."

Mkaka susasa m'bere, amayi anga, ngakhale mutayenda padzuwa tsiku lonse. Bere langodzaza ndi kutupa chifukwa silinayamwidwe, ndipo wolichiza ndi mwana yemweyo. Ngati lalimba mpaka mwana akulephera kuligwira, sambani m'manja, finyani pang'ono kuti chakuda chija chifewe, kenaka mpatseni. Akatha, ikanipo kansalu koviika m'madzi ozizira. Koma zolikanya ngati ufa wa mandasi ayi, mumangolipweteka mkati, kutupa n'kuwonjezeka.

Ena vuto lawo ndi nsonga za mabere zong'aluka, zoti mwana akangolira mayi mtima uli phaa! Kumva kuwawa pang'ono masiku oyamba kumachitika, koma zilonda kawirikawiri zimabwera chifukwa mwana akungoyamwa kunsonga. Mimba yake igunde yanu, akayasamula kwambiri m'pamene mumulowetse bere, chibwano chikhudze bere, mlomo wam'munsi upindikire kunja. Pomuchotsa musamuzule, lowetsani kachala m'mbali mwa kamwa kuti alisiye yekha. Pachilondapo pakanipo dontho la mkaka wanu womwewo, liume. Sopo, phulusa kapena mchere zisayandikepo.

Choopsa ndi pamene mbali imodzi ya bere yatentha, muli chotupa chowawa, mayi akunjenjemera ndi kuphwanya m'thupi. Ambiri amangoti ndi malungo n'kukagula mapiritsi pamsika. Zoonadi malungo kuno ndi osasowa, n'chifukwa chake m'pofunika kukayezetsa magazi, koma anamwino auzidwenso za berelo, osachita manyazi. Tsiku limodzi likatha osapeza bwino, pitani kuchipatala cha ku Milange kapena chomwe muli nacho pafupi. Mukazengereza, chotupa chija chimasanduka chithupsa cha mafinya chofuna kuboola. Panado mutha kumwa, ndipo mwana apitirize kuyamwa mabere onse awiri.

Amayi omwe ali ndi kachilombo ka HIV malangizo awo asiyanako. Kuyambira 2011 ku Malawi ndi 2013 kuno ku Mozambique, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka nako amayamba ma ARV a moyo wonse, ndipo amayamwitsa ngati wina aliyense. Koma nsonga ikamatuluka magazi kapena bere likatupa motere, ayamwitse bere labwinolo, lodwalalo afinye n'kutaya mkakawo, ndipo aonane ndi anamwino tsiku lomwelo. Mankhwala asadumphitse.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2001 kuti mwana ayamwe bere lokha miyezi 6. Khanda la miyezi iwiri likachotsedwa kubere chifukwa cha chilonda, limagwera pa phala lamadzimadzi ndi madzi a pachitsime, ndipo kutsegula m'mimba sikuchedwa.

Nanunso abambo, njinga muli nayo. Mwana asanakwane miyezi 6 thumba la nandolo kagulitseni ndinu ku Limbuli. Ngati mayi sangachitire mwina koma kupita yekha, mwana akhale kumbuyo, aziyamwa pamsika pomwepo.