Mayeso a pa foni: malikisi akatuluka, mlangizi aziyang'ana chiyani?

Chaka chilichonse m'maboma a m'Malawi, Zambia ndi Mozambique mumachitika maphunziro ambirimbiri. Amaphunzitsidwa alimi otsogolera, alangizi a zaumoyo, makomiti a mijigo ndi magulu a banki m'khonde. Lipoti likamalembedwa, limanena chiwerengero cha amene anafika, masiku amene anakhala ndi ndalama zimene zinagwiritsidwa ntchito. Nthawi zambiri silinena ngati anthuwo anamva zimene anaphunzitsidwa. Komatu nkhani yagona pamenepo. Mlimi wotsogolera amene sanamve bwino muyezo wa mankhwala ophera mbozi adzaphunzitsa anzake makumi awiri muyezo wolakwikawo. Wodzipereka amene wasokoneza kasungunulidwe ka Thanzi ORS adzasokeretsa amayi a mudzi wonse.

Njira imodzi yodziwira ngati phunziro lamveka ndiyo kupereka mayeso afupiafupi. Kale ntchito yochonga mapepala inkadya masiku, ndipo ambiri ankangowaunjika m'katoni. Lero mafomu a pa foni ndi pa kompyuta amachonga okha nthawi yomweyo. Kuchonga kwapepuka, ndipo ntchito imene yatsalira mlangizi ndiyo kuwerenga zotsatirazo ndi kusintha kaphunzitsidwe kake.

Mayeso a m'munda

Kuyesa alimi sikunayambe ndi foni. Sukulu za alimi za m'munda, zimene bungwe la FAO linayambitsa ku Indonesia mu 1989, zili ndi njira yawoyawo. Mlangizi amazika timitengo m'munda, ndipo pa kamtengo kalikonse amapachika funso limodzi pamodzi ndi chinthu chenicheni, monga tsamba lodwala kapena kachilombo. Pansi pake pamakhala timabokosi titatu toimira mayankho atatu. Mlimi aliyense amaponya kapepala kokhala ndi nambala yake m'kabokosi kamene wasankha. Mayesowa amachitika poyamba ndi pomaliza pa nyengo ya maphunziro, kuti aone ngati pali kusintha.

Fomu ya pa foni imagwira ntchito yomweyo ya timabokosi tija. Kusiyana kwake n'kwakuti imawerenga yokha mavoti ndi kusunga zotsatira. Inafala kwambiri m'chaka cha 2020, pamene matenda a Covid-19 anatseketsa sukulu ndi kuletsa misonkhano, ndipo aphunzitsi ndi mabungwe ambiri anapitiriza kuigwiritsa ntchito mliriwo utatha.

Kusankha chida

Chida chodziwika kwambiri ndi Google Forms, chimene chinayamba kuchonga mayeso mu 2016. N'chaulere kwa aliyense amene ali ndi akaunti ya Google. Mukalemba mafunso anu, mumapita pa Settings n'kutsegula pamene palembedwa Make this a quiz. Kenako pa funso lililonse mumasonyeza yankho lolondola ndi malikisi ake. Mukhozanso kulemba mawu ofotokozera amene adzaonekere kwa munthu wolakwa, monga akuti, "Paketi imodzi ya Thanzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi aukhondo." Motero mayeso amasanduka phunziro lachiwiri. Fomu ikatha mumatumiza ulalo wake pa WhatsApp. Microsoft Forms imagwira ntchito mofananamo.

Vuto la zida ziwirizi n'lakuti zimafuna intaneti pa nthawi yoyankha. Kumene netiweki imavuta, kapena kumene anthu alibe ndalama za bandulo, mabungwe ambiri amagwiritsa ntchito KoboToolbox kapena ODK. Fomu imakopedwa kamodzi pa foni ya Android, mayankho amasungidwa m'foni momwemo, ndipo amatumizidwa mlangizi akafika pamalo pogwira netiweki. Zida zimenezi zinapangidwira kafukufuku, choncho kuti ziwonkhetse malikisi pamafunika munthu wodziwa kuika masamu ake m'fomumo. Ntchitoyo ndi ya kamodzi kokha. Ubwino wina n'ngwakuti foni imodzi ya mlangizi imakwanira gulu lonse: iye amawerengera mlimi mafunso payekha, n'kudina yankho limene mlimiyo wanena. Mwa njira imeneyi amene sadziwa kuwerenga sasiyidwa.

Zimene makina amachonga ndi zimene sachonga

Makina amachonga bwino mafunso osankha yankho limodzi mwa angapo. Mukhoza kuikapo chithunzi cha mbozi n'kufunsa ngati ili ntchemberezandonda ija inalowa mu Africa mu 2016, imene imadziwika ndi chizindikiro chonga Y wozondoka pamutu ndi madontho anayi akuda chakumchira. Funso lotere silifuna kulemba, ndipo limayesa chinthu chimene mlimi adzakumana nacho m'munda.

Mafunso oti munthu alembe yankho lake amafuna kusamala. Makina amangoyerekeza zilembo zimene zalembedwa ndi zimene inu munaika. Ngati munaika "chimanga", mlimi wa ku Chipata amene walemba "cimanga", monga mmene amalembera ku Zambia, sapatsidwa malikisi ake. Ngati munaika "lita imodzi", amene walemba "1 lita" waluza. Kuti izi zichepe, lembani kalembedwe konse kamene mukuganiza kuti anthu angagwiritse ntchito, ndipo mayankho otsalawo muwaone nokha. Mayankho aatali, monga kufotokoza mmene mungasungire chimanga m'thumba la PICS, makina sangawachonge konse. Mu Google Forms pali tsamba la Question limene limaika pamodzi mayankho onse a funso limodzi. Kuchonga funso limodzi kwa anthu onse musanapite pa lina kumathandiza kuti muyezo wanu ukhale umodzi, ndipo simukondera munthu chifukwa cha dzina lake.

Muyeneranso kusankha nthawi yotulutsa malikisi. Akatuluka nthawi yomweyo, woyankha amaona pamene walakwa nkhani ikadali yotentha, koma amathanso kuuza anzake amene sanayankhe. Mukasankha kuwatulutsa mutamaliza kuchonga, fomu imafuna imelo ya woyankha aliyense, chinthu chimene alimi ambiri alibe. Kwa magulu a m'midzi, njira yabwino ndiyo kubisa mayankho olondola pa fomu, n'kudzakambirana zotsatira pamsonkhano wotsatira.

Kuwerenga zotsatira

Mukatsegula Responses n'kupita pa Summary, chinthu choyamba kuona ndi avereji ya gulu. Alangizi ambiri amakopera nambala imeneyi mu lipoti n'kutseka foni. Koma avereji imabisa zambiri. Tiyerekeze kuti alimi 20 ayankha mafunso 10 ndipo avereji ndi 6. Mwina onse apeza 6. Mwinanso khumi apeza 9 ndipo khumi ena apeza 3. Avereji ndi yomweyo, koma magulu awiriwa ndi osiyana kutalitali. Loyamba likufuna kubwereza mitu ingapo, pamene m'lachiwiri theka la anthu latsalira kumbuyo. Tchati chosonyeza mmene malikisi agawikira chili pa tsamba lomwelo, ndipo n'chimene chingakuuzeni gulu limene muli nalo.

Pansi pa tchaticho Google Forms imaika mndandanda wa mafunso amene anthu oposa theka alephera. Pamenepa mpofunika kudekha. Funso likalepheredwa ndi anthu ambiri chonchi, kawirikawiri vuto limakhala kwa wophunzitsa kapena kwa wolemba funso. Kuti mudziwe gwero lake, onani yankho lolakwika limene anthu asankha.

Tiyerekezenso kuti funso linali la kabzalidwe ka chimanga ka Sasakawa, kamene kamafuna mbewu imodzi pa phando, mapando otalikirana masentimita 25 pa mizere yotalikirana masentimita 75. Ngati alimi 14 mwa 20 asankha "mbewu zitatu pa phando", sanalote ayi. Akunena njira imene alangizi ankaphunzitsa kale, imene makolo awo ankatsata, ndipo phunziro lanu silinaigwedeze. Kubwereza mawu omwewo sikungathandize. Chofunika ndi kukambirana chifukwa chake mbewu zitatu zimalimbirana chakudya ndi dzuwa, ndiponso kukhazikitsa munda wachitsanzo woti anthu adzaone okha. Koma ngati mayankho olakwika amwazikana mofanana, ena apa ena apo, ndiye kuti anthu amangolota. Mwina mutuwo munaudumpha chifukwa nthawi inatha, kapena funsolo linalembedwa mosamveka. Mafunso okhala ndi mawu akuti "ndi chiti chimene si choyenera" amasokoneza ngakhale anthu odziwa. Mafunso otanthauziridwa mothamanga kuchokera ku Chingerezi amachitanso chimodzimodzi.

Kumbukiraninso kuti pa mafunso a mayankho atatu, munthu wongolota amakhoza pafupifupi funso limodzi mwa atatu alionse. Choncho malikisi 3 pa 10 akhoza kutanthauza kuti munthuyo sanamve kanthu. N'chifukwa chake mayeso oyamba, maphunziro asanayambe, ali ofunika. Gulu limene lachoka pa 3 kufika pa 6 laphunzira zambiri kuposa limene lachoka pa 7 kufika pa 8, ngakhale malikisi ake omaliza ali otsika.

Ndani watsalira?

Zotsatira zikhoza kutumizidwa ku Google Sheets kapena Excel, kumene munthu aliyense amakhala pa mzere wake. Ngati pa fomu munafunsa mudzi, msinkhu ndiponso ngati woyankha ndi mayi kapena bambo, mukhoza kusanja malikisi motsata zimenezi. Mukapeza kuti amayi akutsalira, funsani ngati maphunziro ankayamba iwo akadali kumjigo kapena kuchigayo. Mukapeza kuti mudzi umodzi walephera wonse, mwina anthu ake amalankhula Chiyao, Chisena kapena Chitumbuka kunyumba, ndipo Chichewa cha m'mabuku chinawapita pambali.

Werenganinso amene sanayankhe. Ngati munaphunzitsa anthu 40 ndipo fomu yabwera ndi mayankho 15, zotsatirazo ndi za anthu okhala ndi foni zamakono ndi bandulo. Amenewa kawirikawiri ndi opezako bwino komanso opita kusukulu. Lipoti lonena kuti gulu lonse lakhoza likhala labodza. Otsalawo atsatireni ndi foni ya mlangizi, ndi pepala, kapena ndi timabokosi ta m'munda tija.

Kusunga ulemu wa ophunzira

Akuluakulu ambiri anasiya sukulu ali ndi zipsera za mayeso. Kuwerenga malikisi a munthu pagulu, kapena kuwatumiza pa gulu la WhatsApp, kungachititse agogo aluso pa ulimi kuti asadzabwerenso. Auzeni anthu poyambirira kuti mayesowo akuyesa phunziro, ndipo zotsatira zake sizidzagwiritsidwa ntchito posankha olandira mbewu, mbuzi kapena njinga. Anthu akaganiza kuti thandizo lidalira malikisi, amapempha ana awo a kusekondale kuti awayankhire, ndipo inu mumatsala ndi manambala okongola opanda tanthauzo.

Maina ndi nambala za foni ndi zinthu zotetezedwa ndi malamulo. Zambia inakhazikitsa lamulo loteteza mbiri ya anthu mu 2021, ndipo Malawi ali ndi lake la 2024. Funsani zokhazo zimene mukuzifuna, fotokozani amene adzaziona, ndipo ngati n'kotheka patsani munthu aliyense nambala m'malo mwa dzina. Foni yosungira zotsatira ikhale yokhoma.

Kubwerera kwa anthu

Zotsatira zimene zathera mu ofesi ya kuboma sizisintha munda wa munthu. Pamsonkhano wotsatira tengani mafunso awiri kapena atatu amene anavuta kwambiri, muwawerenge popanda kutchula dzina la aliyense, ndipo mufunse gulu chifukwa chake ambiri anasankha yankho lakutilakuti. Nthawi zina mudzapeza kuti alimi ali ndi chifukwa chomveka: amabzala mbewu zitatu chifukwa mbewa ndi nkhwali zimafukula zina, kapena chifukwa mbewu yosunga okha simera yonse. Chifukwa chotere chiyenera kuyankhidwa pa phunziro lotsatira.

Pomaliza, mayeso amangosonyeza zimene munthu akudziwa. Zimene akuchita zimaoneka m'munda, pakhomo ndi pamjigo. Pakapita mwezi umodzi kapena iwiri, yenderani ena mwa ophunzirawo, mutanyamula kamtengo ka masentimita 25, ndipo muyeze mapando awo.