Kusunga ndalama za zokolola kuti zidzakuthandizeni m'tsogolo

Ndalama za soya, mtedza kapena fodya zimabwera kamodzi pachaka, koma fizi ya ana, feteleza ndi matenda sizidikira nyengo yokolola. Kaya mumalima ku Jenda, Embangweni, Edingeni kapena Manyamula, mukudziwa kuti mlimi akhoza kugulitsa bwino mu June koma n'kufika October alibe kanthu m'thumba. Chofunika ndi ichi: dziwani nthawi imene mudzafune ndalamazo, kenako sankhani kozisunga.

Yambani ndi cholinga

Musanapite ku msika, khalani pansi ngati banja, bambo ndi mayi pamodzi. Gwirizanani chimene mukusungira: malata, ng'ombe zapangolo, pampu yothirira kapena fizi ya sekondale. Lembani mtengo wake ndi chaka chimene mukufuna kuchipeza. Teroninso ndi ndalama zimene abale amatumiza kuchokera ku Joni, kuti zisamangothera pa zinthu za tsiku ndi tsiku.

Musasunge ndalama zambiri m'nyumba

Kupatula akuba, moto ndi chiswe, ndalama yongokhala imatha mphamvu. Mu November 2023, Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya katundu inakwera. Amene anakwirira ndalama za malata anapeza kuti sizikukwananso.

Zofunika m'chaka chomwechi

- Sungani kaye chimanga chokwanira banja lonse. Chiumitseni bwino ndi kuchiika m'matumba osalowa mpweya a PICS. Kugulitsa chotchipa mu June n'kudzagula chodula mu February ndi kuluza kawiri.
- Gulani mbewu ndi feteleza mukangogulitsa zokolola, mitengo isanakwere.
- Siyani ndalama pang'ono pa Airtel Money kapena TNM Mpamba za matenda ndi maliro. Nambala yanu yachinsinsi musauze munthu, ngakhale woimba foni wonena kuti ndi wa ku kampani.
- Lowani banki mkhonde. Mukamaponya K2,000 sabata iliyonse, pa masabata 52 mukhala ndi K104,000, kuphatikizapo gawo lanu la chiwongoladzanja. Sankhani gulu la anthu odziwana, lokhala ndi malamulo olembedwa, lowerengera ndalama pamaso pa onse, komanso losungitsa makiyi a bokosi kwa anthu atatu osiyana.

Ngongole ya ku banki mkhonde imabwezedwa m'miyezi yochepa. Ndi yoyenera geni yobweza msanga, monga kuoda tomato ndi anyezi pa Jenda. Si yomangira nyumba.

Zofunika pakatha zaka ziwiri mpaka zisanu

Tsiku logawana ndalama ku banki mkhonde ndi pamene ambiri amaonongera thukuta la chaka chonse. Ganizirani chogula tsikulo lisanafike.

- Ziweto ndi banki yoswana. Yambani ndi nkhuku, zikachuluka mugule mbuzi, kenako ng'ombe. Mbuzi imatenga bere miyezi isanu. Koma ziweto zimafa: temerani nkhuku katemera wa chitopa, tetezani ng'ombe ku nkhupakupa, mangani khola lolimba.
- Ku SACCO mumasunga ndalama ndi kugula masheya, ndipo mukhoza kubwereka ngongole yobweza nthawi yotalikirapo. Musanalowe, funsani ngati ili ndi chiphaso cha Reserve Bank of Malawi.
- Ngati mukusungira nyumba, gulani malata pang'onopang'ono ndi kuwaika pouma.

Za ana ndi za ukalamba

Matabwa amene mumaona akuchokera ku Chikangawa ndi mitengo imene inabzalidwa kalekale. Nanunso bzalani paini kapena bulugamu pa malo osalimidwa, kutali ndi mitsinje ndi madambo. Paini amafuna zaka zoposa 15 kuti acheke matabwa abwino, choncho wobzalidwa mwana ali kumsana adzamuthandiza akadzakula. Lambulani njira yotchinga moto chaka chilichonse udzu usanaume.

Chenjerani

- Pewani katapila.
- Munthu akakulonjezani kuti ndalama zanu zichuluka kawiri pa mwezi umodzi, dziwani kuti ndi wakuba.
- Musaike chuma chonse pamalo amodzi. Chitopa chikatha nkhuku, mbuzi ndi masheya zikhalepo.

Alimi otsogolera, kambiranani nkhaniyi ndi magulu anu kukolola kusanayambe. Kuti mudziwe zambiri, onanani ndi mlangizi wa zaulimi kapena wa ziweto wa m'dera lanu, kapena pitani ku ofesi ya zaulimi pa boma la Mzimba.